Buku la Mng'ono Wanga Ndinalisiyira pa Tsamba 41

1

Ndine telala, ndipo sinditsitsa mtengo. Ukabwera ndi nsalu yako n'kuyamba kundiuza mavuto a kunyumba kwako, ndimakumvera mpaka utamaliza, kenako ndimati, "Pepani kwambiri. Mtengo ndi womwewo." Zaka makumi awiri ndakhala kuseri kwa makina amodzimodzi, ndipo palibe anandisekapo m'shopu mwanga. Mpaka Lolemba lija.

Kunabwera mayi wina kudzayezetsa yunifolomu ya mwana wake wamkazi, wa kalasi imodzi ndi mwana wanga. Ndili mkati momuyeza m'chiuno, mayiyo anandipatsa pepala lochokera kusukulu lonena za kutalika kwa siketi.

"Tandiwerengereni," ndinatero. "Ndaiwala magalasi."

Mwana uja anafa nalo phwete. Anayesa kugwira pakamwa, koma mapewa ankagwedezeka moti tepi inandipulumuka.

"Chikukuseketsa n'chiyani, iwe?"

"Palibe, amayi."

"Palibe amaseketsa munthu? Nena msanga, ndili ndi ntchito."

Mayi ake anamutsina pamkono. Iye anayang'ana pansi n'kunong'ona kuti, "Kungoti mwalankhula ndendende ngati Mayi Ndiwomwewo."

"Ameneyo ndiye ndani?"

"A m'buku limene tikuwerenga m'kalasi. Nawonso ndi telala. Nawonso amaiwala magalasi tsiku lililonse."

Ndinayang'ana mayi ake. Anayamba kukonza chikwama chimene sichinasokonekere. "Ine ndimayesa mukudziwa," anatero. "Si walemba ndi mng'ono wanu uja?"

Magalasi ndilibe, ndipo sindinakhalepo nawo. Maso anga amalowetsa ulusi m'singano kamodzin'kamodzi. Chimene ndilibe ndi sukulu. Bodza la magalasi linandifunda zaka zonsezi, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kuti ana makumi asanu akulidziwa pamtima.

2

Sukulu ndinalekezera sitandade 3. Amayi athu anamwalira mng'ono wanga ali khanda, ndipo panafunika msana woti azigonapo. Msanawo unali wanga. Atakula ndinamusokera yunifolomu iliyonse imene anavalapo, mpaka anakhala mphunzitsi. Kenako anayamba kulemba mabuku a ana. Osati a nyama zolankhula ayi. Ankati ana amafuna kudziona okha m'buku: nsapato zobooka, mayeso, makolo okalipa. Ine ndinkangoti, "Lemba, bola ukudya."

Loweruka lililonse ankabwera kushopu n'kukhala pa kampando ka makasitomala, kope lili pamwendo. Ndinkayesa akukonzekera maphunziro a ana a m'kalasi mwake. Ndinkamupatsa tiyi. Tiyi wanga, shuga wanga, moyo wanga akuukopera m'kope.

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu. Timamutchula Kabatani chifukwa ali ndi zaka ziwiri anameza batani la malaya a kasitomala. Ndinadikirira masiku awiri mpaka linatuluka, ndinalitsuka, n'kulisokerera pamalo pake. Mwini malaya anandiyamikira kuti ndimagwira ntchito yaukhondo. Za mwamuna wanga sinditayirapo inki, anachoka kalekale.

Kabatani ndiye anali maso anga. Makalata a kusukulu, mapepala a kuchipatala, mauthenga a pafoni, zonse ankandiwerengera ndi iye. Koma chaka chimenecho anali atayamba kundipulumuka. Mabuku a amayi ake aang'ono anadzaza pansi pa bedi. Ndikamutuma ankati, "Ndimalize kaye mutu uwu." Kenako anayamba kupempha kuti tchuthi akathere kwa amayi aang'ono. Pakamwa pake panangodzaza amayi aang'ono. Amayi aang'ono akuti chakuti, amayi aang'ono agula mashelefu atsopano.

Ine ndi mng'ono wanga tinali ndi pangano lathu, la zaka khumi ndi zisanu. Sindikuuzani panopa. Mungodziwa kuti chimene ndinkaopa si kusekedwa kokha. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzadzuka n'kupeza bedi la mwana wanga loyala bwino, lopanda munthu.

3

Kabatani sindinamufunse kanthu. Lachiwiri ndinatseka shopu n'kupita kwa bambo wina wogulitsa mabuku kumapeto kwa msewu. Dzina la bukulo ndinali nditalitenga kwa mwana woseka uja: Nyumba ya Zigamba.

Atanditchulira mtengo ndinalitembenuza bukulo uku ndi uku. "Kabuku kopyapyala chonchi? Kopanda ndi zithunzi zomwe? Tsitsani."

Bamboyo anandiyang'ana tepi imene inali m'khosi mwanga, n'kumwetulira mpaka mano a kumapeto. "Pepani kwambiri, amayi. Mtengo ndi womwewo."

Nayenso anali atawerenga! Ndinafufuza mulu wonse mpaka ndinapeza limodzi lopindika pakona, ndipo sindinatuluke mpaka atatsitsa. Buku lonyoza ine sindikanaligula pa mtengo wathunthu.

Kuwerenga ndimatha, koma ngati munthu wosoka chikopa ndi singano yobuntha. Masana aliwonse, nthawi ya chakudya, ndinkakhoma chitseko, n'kukhala kuseri kwa makina, chala pa mzere, milomo ikuyenda. Tsamba limodzi linkanditengera nthawi yosokera mpendero wa siketi.

Nkhaniyo inkasimbidwa ndi mtsikana wokhala ndi mayi ake telala. Mayi ameneyo ankawerenga mapini madzulo aliwonse, limodzi likasowa nyumba yonse inkasesedwa. Anamuwomba mbama mwana wake chifukwa chodula kansalu ka kasitomala kuti asokere chidole. Pa tsiku la makolo anagwira lipoti la mwana chozondoka n'kumagwedeza mutu ngati akumva. Ankalankhula ndi makina ake, n'kumawatchula kuti "mwamuna wanga wosathawa".

Zonsezo n'zoona. Ndicho chinandipweteka. Likanakhala bodza ndikanaseka. Koma za makina zija ndimanena ndili m'nyumba mwanga, chitseko chotseka. Mng'ono wanga anazidziwa bwanji? Ndinaona kuti wakhala akumukama mwana wanga ngati ng'ombe, akumupatsa mabuku, iye n'kumatenga zinsinsi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinafika pa tsamba 41. Mzere womaliza pansi penipeni unali wakuti: "Nthawi zina ndimawayang'ana mayi amenewa ali pa makina, n'kudzifunsa kuti, kodi ndi mayi angadi?"

Ndinawerenga katatu kuti mwina ndalakwitsa zilembo. Sindinalakwitse. Ndinalitseka bukulo n'kuliponya m'bokosi la zidutswa za nsalu. Kutsogoloko sindinafune kukuona. Ndinkadziwa kale kumene mng'ono wanga akupita nayo nkhaniyo, ndi mwana amene akumulembera.

4

Loweruka anabwera kudzayesa dilesi. Anali atandipatsa nsalu yobiriwira mwezi wathawo, akuti adzavale pa tsiku la mabuku kusukulu ya Kabatani, kumene anamuitana ngati mlendo wolemekezeka. Anaima pakati pa shopu atatambasula manja, ine nditagwada, mapini ali pakamwa.

"Ndawerenga buku lako," ndinatero.

Thupi lake linauma pansi pa nsalu. "Lonse, achemwali?"

"Lokwanira."

"Mwafika pati?"

"Pamene ndafikapo. Ima bwino, ndingakubaye."

"Achemwali, malizani kaye, kenako tidzakambirane. Ndimafuna ndikupatseni ndekha, koma ndimaopa kuti..."

"Umaopa? Woopa amasindikiza?" Ndinalavulira mapini m'dzanja. "Ine nsalu ya munthu sindiidula ndisanamufunse. Iwe wadula moyo wanga, wasoka kabuku, wagulitsa msewu wonse. Wa mabuku akundiseka. Tiana tosadziwa kuchapa masokosi tikundiseka. Unandifunsa?"

"Dzina lanu mulibemo."

"Matelala oiwala magalasi alipo angati mumsewu muno?"

M'malo mopepesa, anasankha tsiku lomwelo kunena zimene anabwerera. Anali pa chibwenzi ndi dokotala wa mano, munthu waulemu wonunkhira mankhwala, amene ine ndinkangomutchula kuti Wamano. Ukwati unali utatsala miyezi itatu.

"Tikakwatirana tidzakhala ndi chipinda chapadera," anatero motsitsa mawu. "Pafupi pali sukulu yabwino, ya laibulale yaikulu. Ndimaganiza kuti mwina Kabatani..."

"Tinapangana chiyani, iwe?"

"Pangano sindinaphwanye, achemwali. Ndikulumbira."

"Wamano wako unamuuza?"

Anayang'ana kumbali. "Ndidzamuuza nthawi yake ikakwana."

Apo ndiye ndinaona poboola. Ndinabwezera mapini pakamwa n'kupitiriza ntchito, mtima utakhala pansi ngati wa munthu amene wapeza lumo limene linasowa.

Musaganize kuti dilesiyo ndinaiwononga. Maganizo anandifikira oti ndisoke zipi ndi ulusi wowola kuti idzaphulike akuwerama, koma ntchito yanga sindiichititsa manyazi chifukwa cha munthu. Ndinaisoka bwino kuposa dilesi iliyonse imene ndinasokapo. Ndinkafuna aoneke bwino kwambiri, kuti maso onse akhale pa iye nthawi imene ndidzatsegule pakamwa.

Lachinayi Kabatani anandiimirira pakhomo la shopu. "Amayi, mawa mubwere kusukulu. Chonde. Musanene kuti muli ndi ntchito."

"Ndibwera," ndinatero. "Ngakhale mvula igwe ya miyala, ndibwera."

Anamwetulira, n'kundikumbatira m'khosi, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Ine ndinati mumtima, wamutuma ndi uja kuti ndikasekedwe bwino pagulu.

5

Holo inali yodzaza. Ana anakhala pa mabenchi, makolo kumbuyo, aphunzitsi m'mbali. Theka la mayunifolomu a m'chipindamo linatuluka pa makina anga. Nditalowa, kanong'onong'o kanayenda mzere ndi mzere, timitu tikutembenuka. Ndinamva wina akuti, "Ndi amenewo, Mayi Ndiwomwewo." Ndinakhala pa mpando wa pakati, chikwama pamwendo.

Mng'ono wanga anali kutsogolo mu dilesi yobiriwira ija, ikumukhala ngati anabadwa nayo. Wamano anali pa mzere woyamba, akujambula ndi foni. Kabatani anaima pambali pa nsanja atagwira buku, chala chili mkati mwa masamba. Aphunzitsi aakulu analengeza kuti mlendo alankhula kaye, kenako mafunso, ndipo pomaliza mwana mmodzi awerenga ndime.

Analankhula bwino, zimenezo sindimumana. Anati ana si opusa, amaona zonse za m'nyumba, ndipo buku labwino ndi limene silimawabisira. Anati, "Wolemba mabuku a ana ayenera kukhala wolimba mtima ponena zoona." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinawomba nawo, mwamphamvu kuposa onse.

Mafunso anayamba. Wina anafunsa kuti amalemba nthawi yanji. Wina anafunsa ngati olemba mabuku amalemera. Ndinakweza dzanja. Aphunzitsi aakulu anasangalala. "Eya, kholo! Apatseni chimkuzamawu."

"Sindichifuna," ndinatero, ndikuimirira. "Mawu anga amafika. Ine ndine Mayi Ndiwomwewo amene mukumuwerengayo. Sekani, ndakulolani."

Ena anasekadi, akuyesa ndi sewero.

"Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye funso langa ndi lalifupi. Mlendo wathu wati wolemba azinena zoona. Za mapini anga walemba. Za lipoti lozondoka walemba. Nanga bwanji sanalembe za mtsikana wa fomu 3 amene anatenga mimba, n'kubwera kwa mkulu wake akulira kuti moyo wake watha?"

"Achemwali," anatero mng'ono wanga. Chimkuzamawu chinanyamula mawuwo mpaka kumbuyo. "Achemwali, chonde."

"Ndikufunsa! Bwanji sunalembe kuti unabereka Lachitatu, Lolemba lotsatira n'kubwerera kusukulu, khanda n'kulisiya pa tebulo langa lodulira nsalu? Ndani anasamuka kumene tinkakhala, makina pa ngolo, mwana kumsana, kuti anthu asakuloze chala? Ndani anamuchapira matewera? Unandigwadira kuti ndisadzanene, ine n'kukuuza kuti nawenso usadzamufune. Lero wakula, wayera, akukhoza m'kalasi, ndiye ukumufuna? Ukumulembera mabuku oti azifunsa ngati ndine mayi ake? Nayo nkhani yoona, ana inu. Mayi womubereka Kabatani ndi uyo wa dilesi yobiriwirayo. Dilesiyonso ndasoka ndine!"

Holo yonse inati zii. Wamano anatsitsa foni pang'onopang'ono. Mng'ono wanga anagwira tebulo ndi manja awiri.

Ndikuuzeni zoona, pa kanthawi kameneko ndinamva kukoma. Kukoma kwenikweni, kofika m'mafupa. Kenako ndinaona kumene mitu yonse yatembenukira. Sinali kuyang'ana iye, sinali kuyang'ana ine. Ana mazana atatu ankayang'ana Kabatani.

Sanalire. Anatulutsa chala m'buku muja, analitseka bwinobwino, n'kuyenda pakati pa mabenchi mpaka kutuluka. Podutsa pa ine sanatembenuke.

6

Ndinamupeza kushopu. Anali atatsegula ndi kiyi wake, atakhala pa kampando ka makasitomala. Patebulo anali ataika khadi lake la kusikelo, lachikasu ndi ukalamba, limene ndinkasunga m'kabati ya makina pansi pa maulusi.

"Mwana wanga," ndinayamba, "unayenera kudziwa tsiku lina. Bola wamva kwa ine."

"Ndinadziwa ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi."

"Anakuuza? Ndinadziwa ine kuti njoka ija..."

"Munandiuza ndinu." Anakankhira khadilo kwa ine. "Kusukulu ankafuna masiku a katemera. Munanditulutsira khadi ili n'kunena kuti, 'Tawerenga wekha, ndaiwala magalasi.' Pamwamba apa palembedwa dzina la mayi. Si lanu."

Ndinaliyang'ana. Zolemba za anesi, zokhotakhota zolumikizana ngati ulusi wopotana, sindinathepo kuziwerenga. Ndinkayesa ndi dzina langa, poti kusikelo ndinkapita naye ndine. Sindinaganizepo kuti khadilo linalembedwa tsiku lobadwa, kuchipatala, ine ndili panja. Ndinalisunga chifukwa cha manambala. Manambala ndimawadziwa. Mwezi uliwonse kulemera kwake kunkakwera, ndipo kamzere kokwera kaja kanali satifiketi yanga yokhayo.

"Zaka zinayi," ndinatero. "Osanena kanthu?"

"Ndikananena chiyani? Ndinaona kuti mukufuna ndisadziwe, ndiye ndinakusungirani. Amayi aang'ono sadziwa n'komwe kuti ndikudziwa. Anandifunsa kawiri zokakhala kwawo, ndinakana kawiri. Ndinati tchuthi chokha. Ndikachoka, makalata azikuwerengerani ndani?"

"Nanga za m'buku zija? Za makina, za mapini?"

"Zinachokera m'kope langa. Ndinkalemba ndekha zimene zimachitika muno, ndinawaonetsa, iwo anati tipange buku. Mawu ambiri ndi awo, koma ena ndi anga." Anandiyang'ana m'maso. "Munawerenga mpaka pati?"

Ndinayang'ana bokosi la zidutswa za nsalu.

"Mpaka pati?"

"Tsamba 41."

Anaseka, koma kuseka kopanda mano. "Lero ndimayenera kuwerenga tsamba 42. Pamaso pa anthu onse, inu muli pomwepo. Ndinayeserera milungu iwiri. N'chifukwa chake ndinakuchondererani kuti mubwere."

"Ndiwerengere tsopano."

"Ayi." Anaimirira, n'kuika buku lake pamwamba pa makina. "Lili ndi masamba 96. Muwerenge nokha. Ine sindidzakuwerengeraninso kanthu, ngakhale uthenga wa pafoni. Inu mumafuna kubaya iwo, koma Lolemba amene akalowe m'kalasi muja ndine."

Kuchokera tsiku limenelo anasiya kunditchula kuti amayi. Ankangoti "inu". Inu, chakudya chapsa. Inu, kwabwera kasitomala. Mwayesapo kukhala m'nyumba imodzi ndi mwana wako akukutchula ngati munthu wokumana naye m'basi?

7

Atatuluka ndinakhoma chitseko, n'kutsegula tsamba 42. Linanditengera nthawi yaitali chifukwa zilembo zinkasambira. Linkati:

"Kenako ndimaona chala chawo chimene singano yaboola kambirimbiri mpaka chinasiya kumva kuwawa. Chala chimenecho chinagula nsapato zonse zimene ndinavalapo. Atandiikira amayi khumi pa tebulo kuti ndisankhe, ndingatenge amenewa, ndipo sindingapemphe kuti anditsitsire."

Za mimba munalibe. Za khanda losiyidwa munalibe. M'masamba onse 96, amene ananditengera milungu itatu, mng'ono wanga sanatchule chinsinsi chathu ngakhale mwa fanizo. Pangano analisunga. Amene analiphwanya ndine, pamaso pa ana mazana atatu ndi foni yojambula.

Zimene ndinkafuna zinachitika zonse. Wamano anaimitsa ukwati. Akuti sichinamupweteke kuti panali mwana, koma kuti anamva limodzi ndi ana a sukulu. Masukulu awiri amene anamuitana mng'ono wanga anasintha maganizo. Dilesi yobiriwira inabwerera kwa ine m'pepala, yochapa, yosita, yopanda kalata. Ili pa hang'ala mpaka lero, ndipo makasitomala atatu aifunsapo. Ndimati siyogulitsa.

Kabatani anapirira milungu isanu. Anzake anamupatsa dzina loti Wamayi Awiri, ena ankamufunsa kuti pa tsiku la makolo azibwera uti. Sanandiuze; ndinamva kwa mayi wa mwana woseka uja. Ndinapita ndekha kukamupezera malo kusukulu ina, kutsidya kwa msika, ndipo fomu yake ndinadzaza ndekha. Inanditengera m'mawa wonse, ndipo kalaliki anandiyang'ana mpaka kutopa.

"Amayi, ndikulembereni?" anafunsa.

"Ayi. Magalasi sindinaiwale. Kuwerenga ndiye kumandivuta. Dikirani."

Anadikira.

Loweruka lotsatira Kabatani anabwera ndi nsalu ya yunifolomu yatsopano n'kuima pakati pa shopu. Ndinagwada ndi tepi. Kunkangomveka wailesi ya wometa tsitsi wa khomo loyandikana.

"Ndamaliza," ndinatero, ndikuyang'ana manambala.

"Kumapeto kwachitika chiyani?"

"Ukundiyesa mayeso?"

"Eya."

"Mtsikana uja wasokera mayi ake kathumba ka magalasi, n'kuikamo pensulo. Koma wolembayo ntchito saidziwa. Akuti anasoka ndi ulusi wa thonje pa nsalu yoterera. Zikanakwinyika."

Ndinaona mimba yake ikugwedezeka pansi pa tepi, ngati ya mwana uja tsiku loyamba.

"Siketiyo musaitalikitse ngati ya agogo, amayi," anatero.

Ndinamva. Mawu omalizawo ndinawamva bwinobwino, mpaka pini inandibaya chala chomwe chija. Koma sindine munthu wolira pa ntchito.

"Kutalika ndi komweko," ndinatero. "Ima bwino."

8

Inu owerenga, ndikudziwa zimene mukuyembekeza. Mukufuna ndinene kuti ndinapita kwa mng'ono wanga, tinakumbatirana, tinalira. Sizinachitike. Kabatani amapitako Loweruka lina lililonse, ndipo sindimuletsa. Akabwerako sindifunsa, koma ndimachedwa kupalasa makina kuti mwina anena yekha. Sabata yatha anati amayi aang'ono aonda. Ndinati, "Azidya."

Ndinamulakwira, inde. Ndinamugwetsera nyumba imene anali asanalowemo n'komwe. Koma nayenso sanandipepese, ndipo ine mtengo wanga mukuudziwa. Anatenga manyazi anga amene ndinawabisa zaka makumi atatu n'kuwapereka kwa ana kuti alembere mayeso. Kuti kumapeto anandiveka maluwa sizikufafaniza masamba makumi anayi amene msewu wonse unaseka. Inu amene mumalemba mabuku a ana onena za moyo weniweni, dziwani kuti moyo weniweniwo uli ndi mwini wake, ndipo mwina ali pa makina kuseri kwanuko akukuphikirani tiyi. Mufunseni kaye.

Ndipo inu amayi anzanga, mwana akabwera ndi buku m'nyumba, musamangoliona ngati chinthu chomulepheretsa kutsuka mbale. Mwina zimene akulephera kukuuzani pamaso zili m'menemo. Wanga anandisungira chinsinsi zaka zinayi, n'kundikonzera mawu oti andiuze pagulu, ine n'kumudula pakamwa kutatsala mphindi zisanu. Mkwiyo wanga unali ndi chifukwa, koma ndinadula nsalu nditayeza mbali imodzi.

Ndamva kuti mng'ono wanga wayamba kulemba buku lina. Kabatani akuti ndi la atsikana awiri apachibale. Likatuluka ndikagula, lopindika pakona ngati lilipo, ndipo ndidzaliwerenga mpaka tsamba lomaliza, ngakhale zinditengere chaka. Ndikadzapeza kuti wandinamizira, ndidzapita kwawo ndi dilesi yake yobiriwira, ndidzatseka chitseko, ndipo adzandimva. Tidzakhala awiriwiri. Mwana adzakhala kusukulu.